Ng'oma ya ku Chicago, gitala ya ku Paris: chamba chimenechi mwini wake ndani?

Mu June 2025, mtsogoleri wa dziko la France, Emmanuel Macron, adauza wailesi ya Radio FG kuti akufuna nyimbo zovina zotchedwa French Touch zilowe m'kaundula wa UNESCO, yemwe uja muli Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Akadalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma adawonjezera kuti Afalansa ndiwo adayambitsa nyimbo zamakinazi, ndipo apa mpamene adautsa mapiri pachigwa.

Aliyense wotsata nyimbo amadziwa kuti chamba cha house, momwe French Touch idachokera, chidabadwira ku Chicago, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Dzinalo ambiri amati lidachokera ku kalabu ya Warehouse, komwe Frankie Knuckles ankaseweretsa zimbale kuyambira 1977, ndipo ovina ambiri adali akuda. Chamba china cha nyimbo zamakina, techno, nacho kwawo ndi ku Detroit, ku America komweko. Nanga cha Afalansa m'menemu ndi chiti? Ine ndikuona kuti ndi gitala. Ndipo kalowedwe ka gitalayo kadayamba ndi kunyozedwa.

Mu 1992 anyamata atatu a ku Paris adayambitsa gulu la rock lotchedwa Darlin', dzina lomwe adalitenga ku nyimbo ya Beach Boys. Awiri mwa iwo, Thomas Bangalter ndi Guy-Manuel de Homem-Christo, omwe pambuyo pake adadzatchuka ndi dzina loti Daft Punk, adadziwana ali pasukulu ya Lycée Carnot mu 1987. Wachitatu adali Laurent Brancowitz. Gululi silidapite patali. Malinga ndi Bangalter mwini wake, lidangokhala miyezi pafupifupi 6, nyimbo zinayi, kuyimba pagulu kawiri, basi. Nyimbo zawo zina zidatuluka pa chimbale chophatikiza magulu angapo cha kampani ya Duophonic ya ku England, ndipo mu May 1993 mlembi wa nyuzipepala ya Melody Maker, Dave Jennings, adazimvetsera n'kuzitchula kuti "daft punky thrash", kutanthauza chiphokoso chachibwana chopanda mutu.

Apa pofunika kusamala. Nkhaniyi yafotokozedwa kambirimbiri moti ena amalemba ngati mlembiyo adawapatsa dzina lenilenilo la Daft Punk. Tsamba la nyuzipepalayo lilipo, ndipo mawu ake ndi atatu aja. Dzinalo adadzisemera okha anyamatawo kuchokera m'chipongwecho. Komanso sindikhulupirira kuti mawu atatu okha ndiwo adawatayitsa gitala. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kupita kumadansi ausiku wonse omwe ankatchedwa rave, ndipo Bangalter sadali mwana wosowa pogwira: bambo ake, odziwika ndi dzina loti Daniel Vangarde, adali katswiri wopeka nyimbo za disco m'zaka za m'ma 1970. Mwana wa m'nyumba yotero makina ojambulira nyimbo sawaona achilendo.

Mu September 1993, pa rave ina ku EuroDisney, pafupi ndi Paris, Bangalter ndi de Homem-Christo adapereka kaseti yawo kwa Stuart Macmillan wa kampani ya Soma ya ku Glasgow. Ndiye kuti amene adawanyoza adali wa nyuzipepala ya ku London, amene adayamba kuwakhulupirira adali a ku Scotland. Boma la kwawo nthawi imeneyo lidali kalikiliki ndi zina: mu January 1995, unduna wa zam'dziko, uli m'manja mwa Charles Pasqua, udatumizira apolisi chikalata chonena kuti ma rave ndi malo oopsa kwambiri. Madansi ankaletsedwa tsiku litayandikira, zonse zitakonzedwa kale, monga zidachitikira ku Lyon mu 1996. Lero boma lomwelo likufuna kudyerera.

Brancowitz adapitiriza ndi gitala yake n'kukalowa gulu la Phoenix, lomwe lidayimba potseka mpikisano wa Olympics ku Stade de France mu August 2024. Anzake awiri aja adagula makina. Koma mukamvetsera "Da Funk" ya 1995, mumva kuti gitala idawatsata. Pansi pakugunda ng'oma ya house, yosasintha, kanayi kanayi. Pamwamba pakulira chinthu chokhakhala, chonga gitala ya rock yokwezedwa mpaka sipika kuyamba kusasa mawu, pomwe si gitala ayi, ndi makina opotozedwa dala. Kuti adali makina ati kwenikweni, okonda zipangizo amakanganabe pa intaneti mpaka pano. Chimbale chawo choyamba, Homework, chomwe adajambulira kuchipinda kwa Bangalter, chidatuluka mu January 1997.

Za dzina la French Touch sindichedwapo. Ena amaloza Eric Morand, yemwe adalembetsa mawuwa pa majekete a kampani yake ya zimbale. Ena amati amene adalifalitsa ndi mtolankhani wa ku England, Martin James, cha m'ma 1996. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona.

Amene mbiriyi imakonda kuwadumpha ndi a ku Montpellier, kum'mwera kwa France. Kumeneko Jean-Philippe Freu ndi Patrice Carrié, omwe ntchito yawo yeniyeni idali ya ukatswiri wa zamaganizo, adayambitsa gulu la Rinôçérôse. Kalembedwe kachilendoko si kulakwitsa: adatengera dzina la chithunzi chomwe adajambula Gaston Duf, munthu yemwe adakhala zaka zambiri m'chipatala cha odwala maganizo. Awa ndiwo adachita zomwe ena ankangoyerekeza. Ankakwera pasiteji ndi magitala enieni, nsambo zikumveka pansi pa zala, ng'oma ya house ikugunda kumbuyo. Chimbale chawo cha 1999, Installation Sonore, chidatuluka zaka zingapo chamba chosakaniza rock ndi house chisadafike pachimake. Anthu ambiri kunja kwa France adadzawamva mu 2006 pamene kampani ya Apple idatenga nyimbo yawo "Cubicle" n'kuyiyika mu uthenga wotsatsa malonda, ndipo ngakhale apo si onse adadziwa kuti akuyimbayo ndani. Kukhala kutali ndi Paris kudawadyera.

Kutchuka kudagwera ena. Mu 2003 Pedro Winter, yemwe ankayendetsa ntchito za Daft Punk, adatsegula kampani ya Ed Banger n'kutenga anyamata awiri, Gaspard Augé ndi Xavier de Rosnay, omwe amadzitcha Justice. "Waters of Nazareth" ya 2005 imamveka ngati wailesi yomwe yatsala pang'ono kupsa, ndipo achinyamata omwe ankanyoza nyimbo zovina adayamba kudumphadumpha ngati ali pa dansi ya heavy metal. Chaka chomwecho Daft Punk idatulutsa "Robot Rock". Chimbale cha Justice chokhala ndi mtanda pachikuto chidabwera mu June 2007.

Siteji yawo ndiyo imandiseketsa. Pakati pankakhala mtanda woyaka, uku ndi uku mulu wa mabokosi a masipika a Marshall, 9 mbali iliyonse, onse pamodzi 18. Palibe ngakhale limodzi lomwe linkatulutsa mawu. Adali okongoletsa chabe, ndipo gitala pasitejipo padalibe. Mu 2008 chithunzi china chidazungulira chosonyeza Augé akudina chipangizo chomwe waya wake adali wosalumikizidwa. Iye adati wayayo adangozuka mwangozi ndipo adamubwezera. Mwina zidalidi choncho, ndipo luso lawo la m'situdiyo palibe angalikane: mu 2025 adapatanso mphoto ya Grammy. Koma ndikaganiza za anthu a ku Montpellier aja atanyamula magitala awo, ndimaona kuti chithunzi cha rock chidagulika kuposa rock yeniyeniyo.

Ngakhale gitala yotchuka ya mu "Robot Rock" si ya ku Paris. Idadulidwa mu nyimbo ya 1980 ya Breakwater, gulu la funk la ku Philadelphia.

Kunena chilungamo, a Daft Punk, omwe adasiyana pa 22 February 2021, sadabise komwe adaphunzira. Mu Homework muli nyimbo yotchedwa "Teachers", yomwe ndi mndandanda chabe wa mayina a aphunzitsi awo. Mulinso Brian Wilson wa Beach Boys, chikumbutso cha masiku a Darlin' aja. Koma mayina awiri oyambirira ndi a ku Chicago: Paul Johnson ndi DJ Funk. Johnson, yemwe ankaseweretsa nyimbo ali pa njinga ya olumala, adamwalira ndi Covid-19 mu August 2021. DJ Funk adamwalira ndi khansa mu March 2025, patangotsala miyezi itatu kuti Macron alankhule pa wailesi ija. Achibale ake adachita kupempha thandizo la maliro pa intaneti.