Mphumu ikagona sikuti yachoka

"Ndimangopopera ikandigwira, adokotala." Mawu amenewa a odwala mphumu ndatopa nawo, makamaka mu Juni ndi Julayi kukazizira, komanso fumbi likabuka kuno ku Lilongwe.

Ngakhale masiku amene mukupuma bwinobwino, maselo a chitetezo cha m'thupi amakhala akutumizirana uthenga m'njira za mpweya. Amithenga ake ndi timapuloteni totchedwa cytokine. Fumbi kapena utsi wa mbaula zikakhudza mkati mwa njirazo, pamatuluka mthenga wotchedwa TSLP, amene amadzutsa anzake. Mmodzi mwa anzakewo, IL-5, amachulukitsa maselo otupitsa otchedwa eosinophil. Wina, IL-13, ndiye ndimadana naye kwambiri: amachulukitsa makhololo, n'kuthandizira kuti khoma la njira likhuthale. Zaka zikamapita minofu imanenepa, zipsera zimabwera, njira n'kuchepa ngati paipi yochita dzimbiri mkati. Inhela yabuluu ija, salbutamol, imangomasula minofu kwa maola ochepa. Amithengawa siiwakhudza n'komwe.

Mpaka lero ndimaganizirabe mayi wina wogulitsa mandasi. Anandipeza atagwira chitseko, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Inhela yabulawuni, beclomethasone, imene imaziziritsa kutupako, inali m'chikwama isanatsegulidwe. Apongozi awo anawauza kuti ukaiyamba sudzaisiyanso. Pachifuwa panali mizere ya mphini za kwa sing'anga. Nditawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti auzire m'kachida koyezera mpweya, nambala inangosuntha pang'ono.

"Mayi, mwakhala bwanji zaka zonsezi?"

"Ndimati yapola."

Njira zawo za mpweya zinali zitauma kale.

Kunja kuli majakisoni olimbana ndi amithengawa mwachindunji. Mepolizumab, amene analoledwa ku America mu 2015, amagwira IL-5. Dupilumab amatseka pamene IL-13 ndi mthenga mnzake IL-4 amafikira. Tezepelumab wa mu 2021 amagwira TSLP, kumayambiriro kwenikweni kwa mzerewo. Amachepetsa kubanika mwa odwala mphumu yoopsa, koma zoti angafafanize zipsera zakale akatswiri akufufuzabe. Mtengo wake ndi woti wogulitsa mandasi sangaulote, ndipo ngakhale kumene alikoko amaperekedwa powonjezera pa inhela yonga yabulawuni yomwe ija, osati m'malo mwake.

Ndiye wina akakuuzani pa WhatsApp kuti ali ndi botolo lothetseratu mphumu, sungani ndalama zanu. Yabulawuniyo poperani tsiku lililonse monga anakuuzirani kuchipatala, mukatero muzichukucha mkamwa. Ngati yabuluu mukuifuna kangapo pa sabata, kapena chifuwa chikukudzutsani usiku, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Musadikire kuti akutengereni ku Kamuzu Central pakati pa usiku mukulephera kumaliza chiganizo.