Mapulogalamu odzisankhira okha chochita

Mapulogalamu ambiri a pakompyuta amalembedwa ngati mndandanda wa malamulo: chita ichi, ukatha uchite icho. Zimayenda ndithu ngati ntchito ikutsatana pa makina amodzi. Koma tiyerekeze kampani yonyamula tomato ndi kabichi kuchokera ku msika wa Mbare Musika mumzinda wa Harare ku Zimbabwe kupita kumasitolo a ku Avondale ndi ku Chitungwiza. Magalimoto onse ali pamsewu nthawi imodzi, netiweki ikudukaduka, magetsi nawo mukuwadziwa kale. Kompyuta yolamulira zonse ikangozima, aliyense waima.

Njira ina ndi yopatsa galimoto iliyonse kapulogalamu kakekake, kamene pantchito yathu timati agent. Amene anatchukitsa kalembedwe kameneka ndi Yoav Shoham wa ku yunivesite ya Stanford, m'nkhani yomwe inasindikizidwa mu 1993. Nthawi zambiri agent imasunga zinthu zitatu: zimene ikukhulupirira kuti ndi zoona, zimene ikufuna, ndi zimene yatsimikiza kuchita. Ya m'galimoto yathu ikukhulupirira kuti msewu wa Seke uli bwino, ikufuna kufika katundu asanafote, ndiye yasankha kudzera komweko. Uthenga ukabwera woti kutsogolo kwachitika ngozi, imafufuta zomwe inkakhulupirira n'kutola njira ina pa zomwe wolemba anaiikira. Siidikira bwana.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kagawanidwe ka ntchito. Oda ikalowa, agent ya kudepoti imalengeza kuti pali mabokosi oti apite ku Avondale. Ya galimoto iliyonse imayankha kuti ili pati, malo atsala otani, ifika nthawi yanji. Yakudepoti imasankha imodzi n'kuipatsa ntchitoyo. Galimoto yomwe ili kopanda netiweki imangokhala chete, zinzake n'kupitiriza. Njirayi si yatsopano ayi, Reid Smith anaifotokoza mu 1980, ndipo imatchedwa Contract Net.

Ofuna kuyesa angayambe ndi zida zolembera ma agent monga Jason, yomwe inachokera ku chilankhulo cha pakompyuta cha AgentSpeak chimene Anand Rao anatulutsa mu 1996, kapena JADE. Zonse ziwiri zimayendera Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu.

Koma musanyengedwe, zikavuta zimavutadi. Magalimoto awiri atha kufika pasitolo imodzi ndi katundu yemweyo chifukwa uthenga umodzi unachedwa, pomwe agent iliyonse inachita zolondola malinga ndi zomwe inkadziwa pa nthawiyo. Uloza chala yani? Ukayesa kubwereza kuti uone pomwe zinakhotera, mauthenga amafika mosiyana ndi poyamba, vutolo osaonekanso. N'chifukwa chake timakakamira kuti uthenga uliwonse uzilembedwa, ndi wotumiza ndi nthawi yake, ngakhale kuti mawotchi a makinawo nawonso sagwirizana kwenikweni. Ndipo wina akandifunsa zomuikira ma agent pagolosale yake ya ku Highfield yokhala ndi kompyuta imodzi pakauntala, ndimamuuza kuti asunge ndalama zake, pulogalamu wamba imukwanira.