Musanadzaze fomu, pezani kaye wokulandirani

Ogasiti akamatha, chitseko cha ofesi yanga sichipuma. Ntchito yanga ndi yothandiza aphunzitsi a ku yunivesite ndi ochita kafukufuku kulemba makalata opempha ndalama kunja, ndipo nyengo imeneyi ndi pamene ambiri amadzidzimuka kuti tsiku lotsekera lafika pakhomo. Chaka china kunabwera mayi wina amene anali atangomaliza PhD yawo pa matenda a chinangwa. Anakhala pansi, n'kutsegula laputopu, n'kundionetsa masamba khumi olembedwa mwaluso ndithu. Kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi. Ndinawafunsa kuti, "Nanga amene akukulandirani kumeneko ndi ndani, mayi?" Anandiyang'ana modabwa. "Ine ndimayesa akandipatsa ndalamazo ndi pamene ndisankhe kopita." Chaka chimenecho chinawadutsa pomwepo.

Thandizo limene ankafunalo limatchedwa Marie Skłodowska-Curie Actions, mwachidule MSCA. Ndi la European Union, linayamba mu 1996, ndipo pano lili pansi pa pulogalamu yaikulu ya kafukufuku ya Horizon Europe, ya zaka za 2021 mpaka 2027. Mwa mayuro pafupifupi 95.5 biliyoni a pulogalamuyi, 6.6 biliyoni ndi a MSCA. Dzinali silinangotoledwa. Marie Curie anabadwira ku Warsaw mu 1867, anagwirapo ntchito yophunzitsa ana m'nyumba za anthu kuti athandize mkulu wake kuphunzira, kenako naye anasamukira ku Paris mu 1891. Kumeneko ndi kumene anachita ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911. Ganizo la pulogalamuyi ndi lomwelo, loti wofufuza amakula akachoka pamene anazolowera n'kukagwira ntchito ndi anthu ena, pa zipangizo zina.

Chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti ndalamazi sizipita m'thumba la wopempha ngati mphatso. Zimapita ku yunivesite kapena malo a kafukufuku amene akumulandira, ndipo malowo ndi amene amamulemba ntchito, ndi kontirakiti komanso malipiro a pamwezi. Pamwamba pa malipiro pali ndalama yothandiza pa kusamuka, ina ya amene ali ndi banja, ndi ina ya zipangizo, maphunziro ndi maulendo a ku misonkhano. Choncho pempho limalembedwa ndi anthu awiri, wofufuzayo ndi mkulu wa ku malo omulandira amene wavomera kumuyang'anira. Popanda munthu wachiwiriyu, ngakhale fomu ya pa intaneti simungaimalize.

Kwa amene ali kale ndi PhD, gawo lowakhudza ndi Postdoctoral Fellowships. Munthu wa dziko lililonse, Mmalawi, Mzambia, wa ku Mozambique, angapemphe kukagwira ntchito ku Ulaya kwa miyezi 12 mpaka 24. Malamulo amene amagwetsa anthu ndi awiri. Loyamba, musapitirire zaka 8 mukuchita kafukufuku chilandirireni PhD, ngakhale kuti nthawi imene munali pa tchuthi cha uchembere kapena pa ntchito yosakhudza kafukufuku amaichotsera. Lachiwiri ndi la kusamuka. M'miyezi 36 tsiku lotsekera lisanafike, musakhale kuti munakhala m'dziko limene mukufuna kupitalo kupitirira miyezi 12. Amene wangomaliza PhD ku Belgium sangapemphe kukhalabe ku Belgium komweko, ayenera kuyang'ana kwina.

Amene alibe PhD asataye mtima, khomo lawo ndi lina. M'gawo la Doctoral Networks, mayunivesite angapo amapata ndalama limodzi kenako n'kulengeza malo a ophunzira ngati ntchito wamba, makamaka pa tsamba la EURAXESS. Palinso Staff Exchanges, yosinthana antchito kwa mwezi umodzi mpaka 12, ndipo iyi ndimaikonda chifukwa imalola ngakhale amisiri a m'labotale ndi oyendetsa maofesi a kafukufuku, anthu amene nthawi zambiri amaiwalika pamene ndiwo amadziwa chifukwa chake makina anasiya kugwira ntchito.

Tsono womulandirayo amapezeka bwanji? Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo imayamba mu Febuluwale kapena Malichi, osati mu Ogasiti. Yang'anani mayina amene mumawatchula kawirikawiri m'zolemba zanu. Werengani zimene asindikiza posachedwa. Mukatero alembereni imelo yaifupi, ndime zitatu basi: ndinu ndani, mwachita chiyani, ndipo mukufuna kuti muchitire limodzi chiyani. Ndaonapo maimelo oyamba ndi moni wa mizere isanu ndi iwiri, kenako mbiri ya umphawi wa kumudzi, n'kumaliza ndi pempho la "mwayi uliwonse umene ungapezeke". Kwathu kuno ulemu wotere ndi wabwino, koma pulofesa amene amalandira maimelo ambirimbiri patsiku safika nawo kumapeto. Chimene chimamuimitsa ndi chiganizo chonena kuti muli ndi zitsanzo za chinangwa chodwala zochokera m'minda ya ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota, zotoledwa kwa nyengo zitatu, ndipo labotale yake ili ndi njira yoziyezera imene kwanu kulibe. Musapite ngati wopempha. Oweruza a MSCA amafunsa mwachindunji kuti inuyo mukapereka chiyani kwa okulandiraniwo, osati zimene mukalandire zokha.

Oweruzawo amagawa malikisi patatu. Theka lonse, 50 pa 100, ndi la ubwino wa kafukufukuyo ndi kuyenerera kwa anthu ake. Kenako 30 ndi a phindu lake, pa tsogolo la wofufuzayo komanso kwa anthu ena, ndipo 20 otsalawo ndi a dongosolo la kagwiridwe ka ntchito. Zonsezi ziyenera kukwana m'masamba khumi, opitirira apo sawerengedwa. Anzathu ambiri amathera masamba asanu ndi atatu pa sayansi, gawo la phindu n'kulilemba usiku womaliza ndi mawu ongodzaza malo. Pampikisano umene opambana safika ngakhale mmodzi mwa asanu, malikisi awiri otayika pamenepo ndi okwanira kukusiyani panja.

Kanthu kena kakang'ono. Tsiku lotsekera la Postdoctoral Fellowships limakhala mu Seputembala, 5 koloko madzulo nthawi ya ku Brussels. M'mwezi umenewo nthawi yawo ndi yathu zimafanana, pamene kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi iwo amakhala kumbuyo ndi ola limodzi. Kompyuta yawo simva zoti magetsi anathima kapena netiweki inavuta. Koma imalola kutumiza pempho kangapo, lomaliza n'kufufuta loyamba, ndiye ine ndimakakamiza aliyense kutumiza kutatsala masiku awiri, zokonza zina zibwere pambuyo.

Si aliyense angasiye ntchito ndi ana kwa zaka ziwiri, ndipo njira zina zilipo. Commonwealth Scholarships, imene inayamba mu 1959, ili ndi gawo lolola wophunzira PhD wa ku yunivesite ya kwawo kukakhala miyezi 12 ku Britain kenako n'kubwerera kudzamaliza. DAAD ya ku Germany imalipiriranso maphunziro m'mayunivesite a mu Africa momwemuno. TWAS, bungwe la asayansi limene linakhazikitsidwa ku Trieste, ku Italy, mu 1983 motsogozedwa ndi Abdus Salam, limatumiza ofufuza a m'mayiko osauka ku mayiko ngati India, China ndi Brazil. A zaulimi amaidziwa RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa wokhala ku Kampala, ndi AWARD ya ku Nairobi yothandiza amayi ofufuza zaulimi. Chevening, ya boma la Britain, anthu amaitchula kwambiri, koma ndi ya Masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri.

Ndalama zonsezi zimatsata ndale za eni ake, ndipo ndi bwino kulowamo mukudziwa. Mu 2021 boma la Britain litachepetsa thandizo lake ku mayiko akunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 pa 100 ya chuma chake, pulogalamu ya FLAIR, imene Royal Society ndi African Academy of Sciences ankathandizira ofufuza achinyamata a mu Africa, inathera panjira. Anthu anali atagula zipangizo, atalemba ophunzira. N'chifukwa chake sindivomera kuti munthu adalire khomo limodzi.

Funso limene ndimafunsa pomaliza, ndipo ambiri salikonda, ndi la kubwerera. Musananyamuke, tchuthi chanu chikhale cholembedwa ndi kusainidwa, mudziwe ngati ntchito yanu ikudikirani, komanso ngati abwana anu akumangani ndi pangano loti mudzagwire zaka zingapo mukabwerako. MSCA sikukakamizani kubwerera kwanu. Koma ndaona anthu akubwera ndi luso la makina amene kuno kulibe, n'kukhala zaka akungophunzitsa makalasi odzaza, kafukufuku atazizira. Amene zimawayendera ndi aja amayamba kulemba pempho lotsatira adakali komweko, lokhala ndi dzina la yunivesite ya kwawo ngati mnzawo pa ntchitoyo. Horizon Europe imalola mabungwe a m'mayiko osauka ngati Malawi kulandira ndalama akakhala mbali ya gulu lopempha.

Mayi a chinangwa aja anayambiranso Malichi wotsatira. Analembera anthu anayi, awiri sanayankhe, mmodzi anati alibe malo, wachinayi anapempha kuti alankhulane pa Zoom. Pofika mu Julayi masamba khumi aja anali atalembedwanso kasanu, ndipo pa zimene anandionetsa tsiku loyamba panatsala ndime ziwiri zokha.