Theka la dola lasiliva: yambani mwalidziwa musanafunse mtengo

Munthu akatulutsa khobidi lakale la ku America lolembedwa HALF DOLLAR, funso lake limakhala limodzi: "Ndingapeze zingati?" Ife oyesa makobidi akale sitifulumira kuyankha, chifukwa makobidi awiri ooneka ofanana amatha kusiyana mtengo kutalitali. Timayamba tadziwa kuti khobidilo ndi liti kwenikweni, kenako timaona kuti latha motani.

Choyamba ndi chitsulo chake. Makobidi a masenti 50 opangidwa kuyambira 1892 mpaka 1964 ali ndi siliva magawo 90 pa 100, otsalawo ndi mkuwa. Limodzi limalemera magalamu 12.5, ndipo m'mimba mwake ndi mamilimita 30.6. Kuyambira 1965 mpaka 1970 siliva anachepetsedwa kufika magawo 40, kulemera n'kutsikira pa magalamu 11.5. Ogulira zinthu a 1971 kupita m'tsogolo alibe siliva, ndipo mukawayang'ana m'mbali mumaona mzere wofiirira wa mkuwa. Sikelo yaing'ono ya osula ndolo ndi mphete imathetsa mkangano umenewu pompopompo. Khobidi lotha kwambiri limapepukako pang'ono, koma likaperewera galamu yathunthu, kayikirani. Likakanirira ku maginito, ndi labodza basi.

Mitundu yake m'zaka zimenezi ndi inayi: la Barber la 1892 mpaka 1915, la Walking Liberty la 1916 mpaka 1947, la nkhope ya Benjamin Franklin la 1948 mpaka 1963, ndi la John F. Kennedy loyambira 1964. Ndikhazikika pa la Walking Liberty, lomwe analijambula Adolph A. Weinman. Kwa ine ndiye lokongola kuposa onse, komanso ndi limene limapusitsa anthu ambiri poliyesa. Kumaso kuli mayi woyenda cholunjika dzuwa atafunda mbendera, kumbuyo kuli chiwombankhanga chitaima pathanthwe.

Mukawerenga chaka, funani kachilembo kosonyeza kumene analisula. D ndi Denver, S ndi San Francisco, ndipo popanda chilembo ndiye kuti ndi la ku Philadelphia. Pa makobidi a 1916 ndi ena a 1917 kachilemboka kali kumaso, pansi pa mawu akuti IN GOD WE TRUST. M'kati mwa 1917 anakasamutsira kumbuyo, m'munsi chakumanzere pafupi ndi mkombero. Musasokonezeke ndi tizilembo tolukana ta AW tomwe tili chakumanja pansi pa nthenga za kumchira, timeneto ndi dzina la wojambula ndipo tili pafupifupi pa khobidi lililonse la mtundu umenewu.

Kachilembo kameneka n'kamene kamanyamula ndalama. Mu 1943 ku Philadelphia anasula makobidi oposa 53 miliyoni, choncho lotha la chaka chimenecho limagulidwa pamtengo wa siliva wake chabe, amene ndi magalamu pafupifupi 11.25. Koma ku Denver mu 1921 anasula 208,000 okha, ndipo mu 1938 anasula 491,600. La 1921-D ngakhale litatha kwambiri limagulidwa madola mazanamazana. Akathyali amadziwa zimenezi. Amamata D pa khobidi la 1938 la ku Philadelphia, kapena kusema 4 wa 1941 kuti aoneke ngati 2. Ndi galasi lokulitsa kakhumi, yang'anani ngati m'mbali mwa chilembocho muli kampata, tizikanda kapena mtundu wosiyana ndi malo oyandikana nawo.

Tsopano kayesedwe ka kutha kwake. Amalonda amagwiritsa ntchito muyeso wa 1 mpaka 70, umene anauyambitsa William Sheldon mu 1949. Khobidi limayamba kutha pamalo otukuka: mutu wa mayiyo, bere ndi mwendo wakumanzere, ndiponso chifuwa ndi mwendo wa chiwombankhanga. Pa giredi 4, yotchedwa Good, mayiyo amangotsala chithunzithunzi chosalala, koma chaka ndi mawu zimawerengeka. Pa 12, Fine, mizere ya diresi imaoneka ngakhale kuti penapake yafufutika. Pa 20 mizereyo imaoneka bwino kufikira cha pamwendo, ndipo pa 40 pafupifupi yonse ndi yakuthwa, kutha kumangooneka pansonga zokha. Kuyambira 60 ndi khobidi lomwe silinayendepo m'manja mwa ogula ndi ogulitsa.

Povuta ndi apa. Si kusalala konse kumene kuli kutha. Makobidi ena anatuluka m'makina osadindika mokwanira. Opangidwa isanafike 1921 mizere ya diresi inali yosazama kuyambira pachiyambi, ndipo ambiri a ku San Francisco a zaka za m'ma 1940 dzanja lamanzere la mayiyo limangokhala lathyathyathya ngakhale khobidi lili latsopano. Kusiyanitsa kwake ndi kunyezimira. Ligwireni m'mbali, mulipendeketse pang'onopang'ono pansi pa babu limodzi. Pa khobidi losayenda, kuwala kumazungulira ponseponse ngati masipoko a njinga, n'kudutsa ngakhale pamalo osadindika bwino aja. Pamene patha, kuwalako kumaduka ndipo pamaoneka potuwa.

Chimene chimaononga makobidi ambiri kuposa zaka ndi kuwatsuka. Munthu amaona kuti lada, n'kulikwecha ndi phulusa, mankhwala otsukira mano kapena sitiliwulo kuti wogula akopeke. Kuda kwachilengedwe kuja osonkhanitsa makobidi sadana nako, ena amakufuna kumene. Kukwecha kumachotsa kunyezimira kwa kufakitale, komwe sikubwereranso, ndipo kumasiya tizikanda tambirimbiri tolowera mbali imodzi. Makampani oyesa makobidi a ku America, PCGS yomwe inayamba mu 1986 ndi NGC ya mu 1987, sapereka nambala kwa khobidi lotere. Amangolemba kuti ndi lenileni koma linatsukidwa, mtengo n'kugwa.

Kutumiza khobidi kumakampani amenewa kumalipiritsa, kuphatikizapo positi ndi inshuwalansi. Pa la 1943 lotha, ndalamayo ingapose mtengo wa khobidilo. Pa la 1921-D, 1916-S kapena 1938-D n'koyenera, chifukwa wogula wozindikira sangapereke ndalama zambiri popanda umboni woti kachilembo kaja n'kenikeni. Podikira, lisungeni palokha m'kathumba kouma kopanda pulasitiki ya mtundu wa PVC, lisamakhulane ndi makobidi ena.