Mtolankhani mmodzi, katundu wa anthu ambiri: kulemba za basketball ya m'mayunivesite a ku America

Munthu akawerenga nkhani ya basketball ya m'mayunivesite a ku America patangopita mphindi zochepa mpira utatha, amaganiza kuti wolembayo ali ndi dzanja lothamanga modabwitsa. Zoona zake n'zakuti mbali yaikulu ya nkhaniyo imalembedwa mpira uli m'kati, ndipo pomwe akuitumiza kwa mkonzi, wolembayo amakhala ali ndi ntchito zina zingapo zomwe zikumudikira usiku womwewo. Ndikufuna kufotokoza momwe ntchito imeneyi imayendera, chifukwa woidziwa amamvetsa chomwe chimachititsa kuti nkhani zina zizipezeka paliponse pomwe zina, zomwe ndi zofunika kwambiri, sizilembedwa n'komwe.

Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera a m'mayunivesite m'dzikolo, lili ndi matimu a amuna oposa 350 m'gawo lake lapamwamba lotchedwa Division I, ndipo matimu a akazi ndi ochuluka chimodzimodzi. Nyengo ya masewera imayamba mu Novembala, ndipo timu iliyonse imasewera pafupifupi maulendo 30 chikho chachikulu chisanayambe mu Malichi. Vuto loyamba lagona pa kalendala, chifukwa Novembala ndi Disembala ndi miyezi yomwe American football (mpira wa ku America wothamanga nawo m'manja) ya m'mayunivesite imakhala itafika pachimake, ndipo m'matauni ambiri mtolankhani yemwe amalondola timu ya basketball ndi yemweyonso amalondola ya football. Loweruka amakhala ku bwalo la football, pakati pa sabata ali ku basketball ya amuna, kenaka ya akazi, ndipo apo ndi apo mkonzi amamutumanso ku masewera a m'sukulu za sekondale.

Kale ntchito zimenezi ankagawana anthu angapo. Koma kuchokera mu 2005, dziko la America lataya kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a nyuzipepala zake, ndipo zotsalazo zachepetsa antchito kwambiri. Ngakhale nyuzipepala ya The New York Times inatseka dipatimenti yake ya zamasewera mu 2023, n'kusiyira ntchitoyo The Athletic, kampani yolemba nkhani zamasewera pa intaneti yomwe nyuzipepalayo inagula mu 2022. Ngati nyuzipepala ya chuma chotere inachita zimenezi, owerenga atha kuona okha momwe zinthu zilili m'tauni yaing'ono yomwe moyo wake wonse umadalira yunivesite imodzi.

Usiku wa mpira ndi pomwe luso lenileni limaonekera. Mtolankhani amakhala pa tebulo lalitali pafupi ndi bwalo, kapena m'mwamba kuseri kwa ochemerera, laputopu ili patsogolo, foni ili pambali. Mpira wa amuna umatenga mphindi 40, zogawidwa m'zigawo ziwiri, ndipo m'chigawo chilichonse masewera amaimitsidwa kanayi kuti a wailesi yakanema aulutse malonda: pakatsala mphindi zosakwana 16, 12, 8 ndi 4. Ochemerera amapuma pa nthawi imeneyi, koma kwa wolemba ndiyo nthawi yogwira ntchito. Ogwira ntchito mu ofesi yofalitsa nkhani ya yunivesite amadutsa akugawa mapepala a ziwerengero, ena akadali ofunda chifukwa angotuluka kumene m'makina, ndipo wolembayo amalemba ndime za pakati pa nkhani: yemwe wamwetsa mapointi ambiri, yemwe watsala pang'ono kutulutsidwa chifukwa cha mafaulo, pomwe mpira unatembenukira. Ndime yoyamba amaisiya pomaliza, ndipo mpira ukakhala wa nkhomankhoma amalemba ziwiri, ina yoti timu yapambana, ina yoti yagonja.

Ngakhale ndime ziwirizo nthawi zina sizikwanira. Pa mpira womaliza wa chikho cha 2016 ku Houston, Marcus Paige wa North Carolina anaponya mpira wa mapointi atatu womwe unafananitsa mphamvu kutatsala masekondi 4.7. Aliyense wolemba anayamba kukonzekera nthawi yowonjezera, koma Kris Jenkins wa Villanova anaponyanso wake belu likulira, ndipo mpira unatha 77 kwa 74. M'masekondi osakwana asanu, nkhani yomwe inali itatsala pang'ono kutumizidwa inasanduka yachabe kawiri konse. Vuto lina ndi mpira wokana kutha. Pa 12 Malichi 2009 ku Madison Square Garden mu mzinda wa New York, Syracuse ndi Connecticut anasewera nthawi zowonjezera zisanu ndi imodzi, ndipo Syracuse inapambana 127 kwa 117 itadutsa 1 koloko ya usiku, nthawi yomwe makina a nyuzipepala zambiri amakhala atayamba kale kusindikiza.

Belu lomaliza silimasula mtolankhani. Akatumiza nkhani yoyamba amathamangira ku msonkhano wa atolankhani kukamva mphunzitsi ndi osewera, kenaka amabwerera kukamvetsera zomwe wajambula, kulemba mawuwo ndendende, ndi kuilembanso nkhani ija mwatsopano. Masiku ano amayembekezeredwanso kuika kanema waufupi pa intaneti, kulemba pa tsamba la mchezo la X mpira uli m'kati, ndi kujambula pulogalamu yokambirana za mpirawo. Ngati ali m'gulu la atolankhani omwe amavota pa mndandanda wa matimu 25 apamwamba wa bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press, womwe umatuluka Lolemba lililonse, ndiye kuti Lamulungu usiku ayenera kukhala ataunikanso zotsatira za matimu a m'dziko lonse, ambiri mwa iwo sanawaonepo ndi maso.

Malichi ndiye mwezi wolemetsa kuposa yonse. Chikho cha amuna, chomwe chinayamba mu 1939 ndi matimu 8, chinakula kufika pa matimu 64 mu 1985 ndi 68 mu 2011. M'ndime yoyamba, Lachinayi ndi Lachisanu, kumaseweredwa masewera 16 tsiku lililonse, ndipo bwalo limodzi limalandira masewera anayi motsatizana kuyambira masana mpaka usiku. Wolemba yemwe watumidwa ku bwalo limodzi amakumana ndi matimu 8 pa tsiku, ndipo amangowadziwa Lamulungu lapitalo pomwe komiti ya NCAA yalengeza ndondomeko. Posankha matimu oti awaphunzire mozama, ambiri amayamba ndi akuluakulu, ndipo apa ndi pomwe mpira umawanyenga. Pa 16 Malichi 2018 ku Charlotte, timu ya yunivesite ya Maryland ku Baltimore County (UMBC), yomwe inapatsidwa nambala 16, yotsikitsitsa m'gulu lake, inagonjetsa Virginia ya nambala 1 ndi mapointi 74 kwa 54, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo m'chikho cha amuna. Usiku umenewo wolemba yemwe anali atapatula ngakhale ola limodzi kuwerenga za timu yaing'onoyo ndiye anali ndi nkhani yoti anene.

Kale mwezi wa Epulo ukadutsa mtolankhani ankapuma, koma mpumulo umenewo unatha. Mu 2018 NCAA inakhazikitsa kaundula wa osewera ofuna kusamukira ku yunivesite ina, wotchedwa transfer portal, ndipo kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera analoledwa kupanga ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola mayunivesite kulipira osewera mwachindunji. Zotsatira zake n'zakuti timu imatha kusintha pafupifupi yonse m'chaka chimodzi, ndipo wolemba, yemwe anali atangoyamba kudziwana ndi osewera, amayambiranso ndi anthu achilendo, uku akuphunzira za malamulo ndi mapangano a ndalama zomwe kale sizinali mbali ya ntchito yake. Maulendo nawo atalika. Kuchokera mu 2024, yunivesite ya UCLA ya ku Los Angeles ili mu ligi ya Big Ten pamodzi ndi Rutgers ya ku New Jersey, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, ndipo mkonzi wosowa ndalama amangouza mtolankhani wake kuti aonere mpirawo pa kanema.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mtolankhani wanzeru amadziwa kuti sangathe kuchita zonse mofanana, choncho amasankha. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi zomwe zimayamba kusiyidwa akamasankha. Zotsatira za mpira sizisiyidwa, ngakhale kuti aliyense ali nazo kale pa foni. Kwa zaka zambiri choyamba kusiyidwa chinali mpira wa akazi, poganiza kuti ulibe owerenga, koma mu 2024 mpira womaliza wa South Carolina ndi Iowa ya katswiri Caitlin Clark unaoneredwa ndi anthu oposa 18 miliyoni, kuposa womaliza wa amuna wa chaka chomwecho.

Chachiwiri kusiyidwa ndi nkhani yofuna nthawi: kukhala pa masewera okonzekera popanda chofulumirira, kucheza ndi kholo la wosewera, kupempha zikalata za yunivesite ndi kuziwerenga tsamba ndi tsamba. Nkhani ya maphunziro achinyengo ku yunivesite ya North Carolina inaonetsa kufunika kwa ntchito yotere. Lipoti la mu 2014 la Kenneth Wainstein, loya yemwe yunivesiteyo inamutuma kufufuza nkhaniyi, linapeza kuti kwa zaka 18, ophunzira pafupifupi 3,100 analembetsa makalasi omwe sankakumana n'komwe, ndipo pafupifupi theka la iwo anali ochita masewera. Yemwe anailondola nkhaniyi kwa zaka, mpaka yunivesite inakakamizika kuyankha, anali Dan Kane wa nyuzipepala ya The News & Observer ya ku Raleigh, mtolankhani wofufuza yemwe sankayenera kutumiza nkhani ya mpira belu likangolira.