Jombo zomatirira kapena mphira za pa akakolo: posankha drysuit ya madzi ofunda

Chaka chilichonse mwera ukayamba kuomba mu June, anthu amene amagwira ntchito pansi pa madzi ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear amabwera kwa ine ndi nkhani ya drysuit, chovala chosalowa madzi chimene m'kati mwake mumakhala mpweya, kufunsa ngati atenge ya jombo zomatirira kapena ya mphira za pa akakolo, ndipo ambiri amafika atadziyankha kale molakwika. Amati drysuit yeniyeni ndi ya jombo zomatirira, ndipo jombozo zikakula palibe vuto, munthu angovala masokosi awiri. Mawu amenewa ndatopa nawo. Sinditaya nthawi kufotokoza chifukwa chimene munthu amanjenjemerera m'madzi a madigiri 23, pakuti aliyense amene anakhalapo pansi maola atatu patsiku akuwerenga mbuna akudziwa. Chimene anthu sakuchimvetsa n'chakuti m'madzi ofunda kusankha kumeneku sikukhudza kwenikweni kutentha kwa mapazi. Nkhani yagona pa kumene mpweya wa m'chovalacho umathawira, ndiponso pa munthu amene adzachikonze chikang'ambika.

Mphira za pa akakolo zimagwira mwendo kuti madzi asalowe m'chovalacho, koma zimasiya mapazi kunja. Mumavala nsapato zanu zofewa zosambirira za neoprene ndi mafini (zopalasira madzi za kumapazi) omwe aja a masiku onse, ndipo mpweya sungalowe kumapazi n'kukankha mafiniwo. Chovalacho mumachitembenuza chonse n'kuuma msanga, chinthu chofunika kwambiri kunyanja kumene jombo yonyowa m'kati imachita chuku m'masiku ochepa. Kampani ya DUI ya ku San Diego inapanga drysuit yotchedwa 30/30 poganizira madzi a pakati pa madigiri 30 kumpoto ndi 30 kum'mwera kwa equator, ndipo inaiika mphira zotere. Komabe mwawonjezera malo awiri olowera madzi. Mtsempha wa kuseri kwa chidendene umatsegula kampata nthawi iliyonse phazi likapinda, ndipo latex, imene amapangira mphirazi, imadana ndi dzuwa, kutentha ndi mafuta odzola. Ndaonapo mphira yatsopano ikung'ambika tsiku lachiwiri chifukwa cha chikhadabo cha chala chachikulu chimene mwini wake sanawenge. Musaiwalenso kuti phazi lonyowa poyenda m'madzi osaya a m'mbali mwa mudzi silitetezedwa ku likodzo.

Jombo zomatirira zilibe mlandu ngati zikukukwanani ndendende, kungoti kwathu kuno ambiri amagula chovala chogwiritsidwa kale ntchito kapena kubwereka, ndipo jombo zake zinasokedwera phazi la munthu wina. Ine ndimalangiza za masokosi omatirira ku chovalacho, amene mumavalira nsapato yomanga ndi zingwe pamwamba, chifukwa nsapatoyo imafinya mpweya n'kuuchotsa. Chovala chikakhala chosinthana anthu angapo, tengani cha mphira.

Pali mnyamata wina amene sindimuiwala. Anali wophunzira wanzeru, wodekha m'madzi, ndipo anabwereka drysuit ya jombo zokula masaizi awiri. Ndinaziona jombozo m'boti, ndinadandaula pang'ono, koma ndinamulola kulowa, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Pa mamita 20 anaweramitsa mutu kuti ajambule nsomba m'phanga la mwala, miyendo ili m'mwamba. Mpweya wonse unathamangira kumapazi, pamene valavu yotulutsira mpweya ili paphewa, kumunsi, kumene singathandize kanthu. Jombo zinafufuma, fini imodzi inavuka, ndipo anayamba kukwera chadodolido. Mpweya wa pa mamita 20 umakula katatu pofika pamwamba, choncho liwiro limawonjezeka pamene munthu akukwera. Ndinamugwira lamba pa mamita ngati 8, koma anandikoka ine ndemwe mpaka tinatulukira pamwamba.

Chimene chinamupweteka kwambiri ndi zimene zinatsatira. Pagombe anati ali bwino, anakana okosijeni, ndipo madzulo atayamba kumva kuphwanya m'mapewa ndi dzanzi m'zala, anzake anamuuza kuti ndi malungo, nakamugulira LA. M'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Mzuzu osandiuza. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, pamene Mzuzu ili pa mamita oposa 1,200, ndipo kukwera mtunda wotere kumakulitsa tithovu ta nayitrojeni tomwe tatsala m'thupi. Anafika kwa dokotala patapita masiku awiri. Anachira, koma zala ziwiri za dzanja lamanja sizinabwerere mwakale, ndipo ntchito ya pansi pa madzi anaisiya.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona chovala chimene chadutsa m'manja mwa akatswiri a m'mbali mwa msewu. Wosoka nsapato amaboola jombo ndi singano kuti aichepetse, n'kupaka guluu wa chubu cha njinga pamwamba. Wina amamanga malegeni pa akakolo kuti atseke mphira yotha, mpaka phazi kuchita dzanzi munthu ali pansi. Wina amadula mphira ndi lumo la telala mokhotakhota, osadziwa kuti kang'alu kakang'ono ndiko kamayambitsa kung'ambika konse. Mphira ikayamba kunanda m'manja kapena kuoneka ming'alu mukaikoka, yatha, ndipo iyenera kusinthidwa ndi munthu wophunzitsidwa, ngakhale zitatanthauza kutumiza chovalacho ku South Africa n'kudikira milungu ingapo.

Ndipo mukakwera mwadzidzidzi, kaya mukumva bwino kaya ayi, gonani pansi, pumani okosijeni, musalowenso m'madzi, musakwere phiri kapena ndege, ndipo wina aimbire a DAN Southern Africa, bungwe lothandiza pa ngozi za osambira pansi pa madzi, nthawi yomweyo. Kuphwanya m'mfundo, dzanzi, chizungulire kapena kufooka kumene kwayamba m'maola 24 chitulukireni m'madzi muzikuona ngati matenda obwera ndi tithovu ta nayitrojeni tija mpaka dokotala atanena zina, ndipo mumuuze dokotalayo kuya kumene munafika ndi mphindi zimene munakhala pansi, chifukwa ambiri sangaganize zokufunsani.