Tsiku limene makampani 39 anachotsa mlandu ku Pretoria

Jekeseni wa lenacapavir, woteteza ku HIV amene munthu amabayitsa kawiri kokha pa chaka, wautsanso mkangano wakale. Ku America kampani ya Gilead inaika mtengo wake pa madola oposa 28,000 pa chaka, pomwe inalola makampani asanu ndi limodzi kupanga wotchipa wopita ku maiko 120, Malawi ali momwemo, Brazil atasiyidwa kunja. Anthu akufunsa kuti amene amasankha maiko oyenera kupulumuka ndani. Funsoli linafunsidwapo mokweza mu 2001, m'khoti lalikulu la ku Pretoria, ku South Africa.

Muzu wake uli m'zaka za m'ma 1980, pamene akuluakulu a makampani a ku America, motsogozedwa ndi Edmund Pratt wa Pfizer, analimbikira kuti nkhani ya umwini wa mankhwala ilowe m'zokambirana za malonda a dziko lonse. Zinatheka. Pangano la maiko la TRIPS, loteteza umwini wotere, linayamba kugwira ntchito mu 1995, ndipo patent, chilolezo choti mwini yekha ndiye apange ndi kugulitsa mankhwala amene wapeza, inakhala ya zaka 20. Makampaniwo amati kupeza mankhwala atsopano kumadya ndalama zankhaninkhani, ambiri oyesedwa amalephera, ndipo popanda chitetezo chotere palibe angaikemo chuma chake. Mfundoyi si yabodza.

Mu 1997 boma la Nelson Mandela linasintha lamulo la mankhwala kuti nduna ya zaumoyo izitha kugula mankhwala kumene akutchipa. Chaka chotsatira makampani opanga mankhwala anakasumira bomalo. Zolemba zina zimati poyamba anali oposa 40, koma chiwerengero chimene chinatsala pomaliza, ndi chimene ambiri amagwirizana, ndi 39. Boma la America linawaikira kumbuyo, mpaka kuika South Africa pa mndandanda wa maiko owayang'anitsitsa pa zamalonda. Linabwerera m'mbuyo mu 1999, olimbana ndi Edzi atayamba kusokoneza misonkhano ya kampeni ya Al Gore, wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo amene ankafuna upulezidenti. Mlandu wokha unangogona m'mafayilo zaka zitatu, maliro akuchuluka.

Zinthu zinatembenuka m'milungu yochepa chabe. Mu Febuluwale 2001 Yusuf Hamied wa kampani ya Cipla ku India anauza bungwe la madokotala la MSF kuti angagulitse ma ARV atatu ophatikiza pa madola 350 pa munthu pa chaka. Nthawi imeneyo mankhwala omwewo ankagulidwa madola 10,000 kapena kuposa. Mu Malichi ophunzira a pa yunivesite ya Yale ku America anakakamiza sukulu yawo, imene inali mwini patent ya stavudine, mmodzi mwa ma ARV, ndipo kampani ya Bristol-Myers Squibb, imene Yale inaipatsa chilolezo chowagulitsa, inalengeza kuti siletsa otchipa ku South Africa. Mwezi womwewo mlandu utayamba, bungwe lomenyera ufulu wa odwala Edzi la Treatment Action Campaign (TAC), limene Zackie Achmat ndi anzake anayambitsa mu 1998, linapempha kulowamo ngati bwenzi la khoti, kutanthauza wothandiza khoti ndi mfundo ngakhale si mwini mlandu. Woweruza Bernard Ngoepe anavomera, n'kuimitsa mlandu mpaka Epulo kuti makampani ayankhe.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti nkhani inathera. Maloya a makampani anabwera kudzakangana za malamulo oyendetsera dziko ndi za TRIPS, koma tsopano anayenera kuyankha malumbiro a anthu odwala, komanso funso limene sankafuna kuliyankha pagulu: kodi mankhwala awa munawononga ndalama zingati powapanga, ndipo ndi zingati zinachokera ku misonkho ya anthu? Pa 19 Epulo 2001 anachotsa mlandu, n'kuvomera kulipira ndalama zimene boma linawononga.

Olemba mbiriyi sagwirizana pa chimene chinawagwetsa. A mbali ya TAC amatsindika za khoti ndi zionetsero za m'misewu. Ena amati mtengo wa Cipla ndiwo unaulula zonse, pomwe a makampani amakonda kunena kuti panali kumvana, boma litalonjeza kulemekeza TRIPS. Zimene zinakambidwa m'zipinda za mabwana sizinatuluke zonse poyera, choncho aliyense amakokera kwake. Koma kuti amvane boma silinasinthe lamulo lija, ndipo zimenezo zimandiuza amene anagonja.

Mu Novembala chaka chomwecho, ku Doha, maiko a m'bungwe la malonda a dziko lonse la WTO anagwirizana kuti TRIPS isalepheretse boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Chowawa n'chakuti ku South Africa komweko odwala anadikirabe, chifukwa boma la Thabo Mbeki linkakayikira ma ARV, ndipo kugawa m'zipatala za boma kunayamba mu 2004. Chaka chomwecho Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere ndi thandizo la Global Fund. Piritsi limene anthu ambiri anayambira, lomwa m'mawa ndi madzulo, linali Triomune wa Cipla, ndipo mwa mankhwala atatu a m'kati mwake munali stavudine uja wa ku Yale.